Kodi ndiike pulogalamu yoona zomwe antchito anga akuchita pa kompyuta ali kunyumba?

Funso

Ndili ndi kampani yaing'ono yosunga mabuku a ndalama mumzinda wa Blantyre, ndipo ndili ndi antchito 14. Chiyambire mliri wa Covid-19, ambiri amagwirira ntchito kunyumba masiku ena, ndipo awiri anakhazikika kutali, wina ku Zomba wina ku Mzuzu. Timasunga zinsinsi za makasitomala monga malipiro a antchito awo, misonkho ndi ngongole. Wogulitsa mapulogalamu wina wandiuza kuti ali ndi pulogalamu yomwe imajambula sikirini pakapita mphindi zingapo, imalemba batani lililonse lomwe munthu wadina, komanso imanena nthawi yomwe kompyuta yangokhala osakhudzidwa. Akuti itha kuikidwa mwakachetechete, ngakhale pa malaputopu a eni ake, poti ena amagwiritsa ntchito awoawo. Pali mmodzi yemwe ndikumukayikira kuti akugwira maganyu a anthu ena pa nthawi yanga. Kodi malamulo akundilola? Nanga ndi nzeru kutero?

Yankho

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mphamvu yoyang'anira momwe zipangizo za kampani zikugwiritsidwira ntchito muli nayo. Koma pali zitatu mwa zomwe wogulitsayo wakulonjezani zomwe ndikukupemphani kuti musazilole: kuika pulogalamu mobisa, kuiika pa laputopu yomwe munthu anagula ndi ndalama zake, ndi kulemba batani lililonse lomwe wadina. Zitatuzi sizikutetezani. Zikuwonjezerani milandu yomwe panopa mulibe.

M'kalata yanu ndikuona nkhawa ziwiri zomwe zalowererana. Yoyamba ndi yoti zinsinsi za makasitomala zisatuluke, ndipo umenewu ndi udindo wanu weniweni. Yachiwiri ndi yofuna kudziwa ngati anthu akugwiradi ntchito pomwe maso anu sakufika. Ogulitsa mapulogalamu amakonda kumanga ziwirizi mtolo umodzi chifukwa ndi momwe malonda amayendera, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo pulogalamu yomwe mwauzidwayo siichiza bwino ngakhale imodzi.

Tiyambe ndi zomwe pulogalamu yotere imaona ikaikidwa. Taganizirani wantchito wanu wa ku Zomba uja. Nthawi ya nkhomaliro watsegula akaunti yake ya kubanki kuti aone ngati malipiro alowa, ndiye walemba pasiwedi. Pulogalamu yalemba. Watsegula WhatsApp pa kompyuta pomwepo n'kuyankha mchemwali wake za zotsatira za magazi zomwe anakatenga kuchipatala. Pulogalamu yalemba, yajambulanso sikirini. Madzulo mwana wake wa Fomu 3 wabwereka laputopu ija kuti afufuze za homuweki, ndipo iyenso akujambulidwa, mwana yemwe simunamulembe ntchito ndipo simukumudziwa n'komwe. Pulogalamu sidziwa kusiyanitsa za ntchito ndi za pakhomo. Imatola zonse, n'kuzitumiza ku seva ya kampani yomwe inaipanga, yomwe nthawi zambiri ili kunja kwa dziko lino. Kuyambira tsiku limenelo, inu ndinu wosunga pasiwedi ya kubanki ya wantchito wanu ndi nkhani ya matenda a m'banja mwake. Ndalama zikadzasowa mu akaunti yake, woyamba kulozedwa chala ndinu kapena munthu wa mu ofesi yanu yemwe amatha kutsegula zithunzizo.

Chomwe chimandipweteka mutu kwambiri pa ntchito ngati yanu ndi ichi. Pa sikirini ya wowerengera ndalama tsiku lonse pamakhala chiyani? Mayina a antchito a kasitomala wanu, malipiro awo, manambala a maakaunti awo, ngongole zomwe akudulidwa. Pulogalamu yojambula sikirini ikujambula zimenezo kambirimbiri patsiku n'kuzitumiza kwa anthu omwe kasitomala wanu sanagwirizane nawo chilichonse. Ndiye kuti pofuna kuteteza zinsinsi za makasitomala, mwazitulutsa nokha, ndipo mukulipira mwezi ndi mwezi kuti zituluke. Kasitomala wozindikira akadzafunsa kuti mabuku ake amasungidwa kuti, mudzayankha movutikira.

Tsopano za malamulo athu. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo limatchula mwachindunji kuti mauthenga ake, kaya ndi makalata kaya odzera pa lamya ndi njira zina zotere, asasokonezedwe. Ufulu umenewu munthu sausiya pakhomo akamasaina kalata ya ntchito. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya munthu kapena kutchera mauthenga ake popanda chilolezo, ndipo kuika pulogalamu mobisa pa laputopu ya mwini wake kukuyandikira kwambiri mlandu umenewu. Chatsopano ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri ndi zinsinsi za anthu. Mtima wa lamuloli ndi wosavuta kumva: tolerani zokhazo zomwe mukufunikiradi, pa chifukwa chomveka chomwe mwachinena poyera, mwini wake adziwe, muzisunge motetezeka, ndipo musazisunge mpaka kalekale. Liri ndi zonena zakenso pa kutumiza zinthu zotere kunja kwa dziko. Mukayeza pulogalamu yolemba batani lililonse mobisa ndi mfundo zimenezi, ikugwa pafupifupi pa iliyonse.

Ena amati, basi ndiwasainitsa kuti avomera. Kusainitsa n'kofunika, koma musakudalire kwambiri. Munthu yemwe mwana wake akudikira fizi, abwana akamuikira pepala patsogolo, asaina. Mabungwe oteteza zinsinsi za anthu ku Ulaya akhala akunena kwa nthawi yaitali kuti kuvomera kwa wantchito kwa bwana wake sikukhala kwaufulu kwenikweni, chifukwa wina wagwira mpeni kumsonga pomwe wina wagwira kuchigumbu. Siginecha imasonyeza kuti munthu anauzidwa. Siisandutsa chinthu chopyola malire kukhala choyenera.

Pali mlandu umodzi womwe aliyense woganiza zimenezi ayenera kuudziwa, wa Bărbulescu wa ku Romania. Iyeyu anali injiniya pa kampani ina, ndipo abwana ake anamuuza kuti atsegule akaunti ya Yahoo Messenger yolankhulirana ndi makasitomala. Malamulo a kampani ankaletsa kugwiritsa ntchito makompyuta pa zinthu za iwe mwini. Mu July 2007 kampani inatsatira mauthenga ake kwa masiku angapo, kenako inamuikira patebulo masamba 45 a zomwe ankakambirana ndi mchimwene wake komanso chibwenzi chake, zina zokhudza thanzi lake ndi za kuchipinda, n'kumuchotsa ntchito. Makhoti a ku Romania anagwirizana ndi kampani. Koma pa 5 September 2017, majaji a khoti loona za ufulu wa anthu ku Ulaya, lomwe lili ku Strasbourg, anagamula 11 kwa 6 kuti ufulu wake unaphwanyidwa. Taonani bwino: khotilo silinakane kuti anaswa lamulo la kampani, ndipo silinanene kuti olemba anthu ntchito asamayang'anire. Linati makhoti a kwawo analephera kufunsa mafunso oyenera. Kodi anauzidwiratu, zisanayambe, kuti aziyang'aniridwa ndiponso mpaka pati? Kodi kunali kofunika kuwerenga mawu enieni a mauthenga, kapena kungoona kuti akulemberana ndi ndani kukanakwana? Kodi panalibe njira ina yofatsa? Kodi zomwe zinapezeka zinagwiritsidwa ntchito bwanji? Chigamulo chimenechi sichimanga makhoti a ku Malawi, komabe gawo 11 la malamulo oyendetsera dziko lathu limalola majaji kuyang'ana zigamulo za kunja zofanana ndi mlandu womwe uli patsogolo pawo. Loya wa wantchito wanu akhoza kubwera nacho, ndipo mafunso amenewo ndi omwe mungadzifunse lero muli phee mu ofesi yanu.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera makampani akuluakulu okha. N'zoona kuti chindapusa chomwe chinamveka kwambiri ndi cha H&M, kampani yaikulu yogulitsa zovala, yomwe mu 2020 inalamulidwa ku Hamburg kulipira mayuro 35.3 miliyoni chifukwa mabwana a ofesi yake ya ku Nuremberg ankasunga kaundula wa matenda, mavuto a m'banja ndi zipembedzo za antchito. Koma yofanana ndi yanu ndi ya kampani yaing'ono yogulitsa nyumba ku France, yomwe mu December 2024 bungwe la CNIL, loteteza zinsinsi za anthu m'dzikolo, linailipiritsa mayuro 40,000. Mwa zolakwa zake munali pulogalamu yomwe inkajambula sikirini pafupipafupi ndi kulemba munthu kuti wangokhala akapanda kukhudza kiyibodi kapena mausi kwa mphindi zochepa. Ndi mtundu womwewo wa katundu yemwe akufuna kukugulitsaniyu.

Tisiye malamulo pang'ono, tifunse ngati pulogalamuyo ikuuzani zoona. Imayeza kugwedezeka kwa mausi ndi kudina kwa mabatani. Koma inu mukuidziwa ntchito yanu kuposa ine. Kasitomala wabweretsa katoni ya malisiti osakanikirana, ena ofufutika, ndipo wantchito wanu wakhala pansi maola awiri akuwasanja ndi manja, kalikyuleta pambali. Pa lipoti la pulogalamu, maola awiri amenewo wangokhala. Wina wathera m'mawa wonse pa foni kuthamangitsa kasitomala yemwe sanatumize masitetimenti a kubanki, kapena wapita ku Msonkho House kukalongosola nkhani ya msonkho. Nayenso wangokhala. Magetsi azima ku Mzuzu, batire la laputopu latha, munthu wadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti amalize ntchito magetsi atabwera. Lipoti likuonetsa masana opanda kanthu. Pomwe waulesi wochenjera, yemwe watsegula Excel n'kumangoyendetsa mausi uku akuonera mpira pa foni, akuoneka ngati ngwazi ya mwezi.

Ndipo anthu saachedwa kuphunzira. Pali tizipangizo totchipa togwedeza mausi tokha, tomwe tinagulidwa kwambiri anthu atayamba kugwirira ntchito kunyumba. Mu 2024 banki ya Wells Fargo ku America inachotsa antchito oposa khumi ndi awiri chifukwa chonamizira kuti akudina kiyibodi. Ena amaitenga nkhaniyi ngati umboni woti kuyang'anira kumagwira ntchito. Ine ndimaonapo china: banki yaikulu chonchija, ndi ndalama zake zonse, inafika poti anthu ake akulimbana ndi kunamiza makina. Barclays ku London inayesa pulogalamu yotere mu 2020, yomwe inkachenjeza antchito akachoka pa desiki nthawi yaitali, ndipo inasintha maganizo patangopita nthawi yochepa antchito atadandaula. Chaka chomwecho Microsoft inachotsa mayina a anthu pa chida chake cha Productivity Score itadzudzulidwa kuti ikuthandiza mabwana kuzonda munthu payekhapayekha. Pa kampani ya anthu 14, pomwe aliyense amadziwa mwana wa mnzake ndi dzina, tsiku lomwe adzatulukire kuti munkawajambula mobisa mudzataya chinthu chomwe simudzachigulanso, ndipo oyamba kuchoka adzakhala aluso aja, chifukwa ndi omwe ali ndi kolowera.

Nanga muchite chiyani? Pa nkhawa yoyamba ija, yoteteza zinsinsi za makasitomala, ndalama zomwe mukanalipira pulogalamuyo ziyambe zapita ku malaputopu a kampani. Mabuku a kasitomala sayenera kukhala pa laputopu ya munthu payekha, yomwe amabwereketsa m'nyumba ndipo adzapita nayo akadzasiya ntchito. Ngati simungagule onse nthawi imodzi, yambani ndi omwe amagwira za malipiro. Pa laputopu ya kampani muli ndi ufulu wochuluka, ndipo zofunika kwambiri sizikhudza n'komwe moyo wa munthu. Tsekani zonse za m'kati mwake ndi BitLocker, chida cha mu Windows chobisa mafayilo, kuti ikabedwa mu minibasi wakubayo asawerenge kanthu. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, yolowera ndi pasiwedi komanso nambala yobwera pa foni, ndipo chizolowezi chobwerekana pasiwedi chithe. Chida ngati Microsoft Intune chimakuthandizani kuona ngati laputopu ili ndi zotetezera zatsopano, kuletsa kukopera mafayilo pa fulashi, ndi kufufuta zonse muli kutali ikasowa. Kwa omwe amawerenga imelo ya ntchito pa mafoni awo, Android ili ndi njira yogawa foni pawiri, mbali ya ntchito payokha, moti kampani itha kufufuta mbali yakeyo osaona zithunzi kapena mauthenga a mwini foni.

Chinanso muli nacho kale, mwina simuchitsegula. Mapulogalamu owerengera ndalama monga QuickBooks ndi Sage amasunga kaundula wa yemwe walowa, nthawi yanji, ndi chomwe wasintha. Malo osungira mafayilo a Microsoft ndi Google nawonso amalemba yemwe watsegula, wakopera kapena watumiza fayilo kunja kwa kampani. Kaundula ameneyu amayang'ana pa katundu wa kasitomala, osati pa munthu. Ali ngati mlonda wa pageti la fakitale yemwe amaona m'chikwama anthu akamatuluka, aliyense akudziwa kuti amatero, koma satsatira munthu mpaka kuchipinda kwake. Wina akakopera mafayilo a makasitomala makumi atatu usiku wa Loweruka, mudzaona, ndipo limenelo ndi funso loyenera kufunsa Lolemba m'mawa. Onetsetsaninso kuti aliyense akutsegula mabuku a makasitomala omwe akuwagwirira ntchito okha, ndipo munthu akasiya ntchito akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Pa nkhawa yachiwiri, ntchito yanu ili ndi mwayi womwe ntchito zambiri zilibe: ili ndi kalendala yosasuntha. PAYE iyenera kufika ku MRA pofika pa 14, VAT pofika pa 25. Mabuku a mwezi atsekedwa kapena sanatsekedwe. Zolakwika zomwe mwapeza pounika zawerengeka. Kasitomala wayankhidwa tsiku lomwelo kapena wadikira sabata. Gwirizanani ndi aliyense zomwe ayenera kupereka ndi tsiku lake, maola omwe ayenera kupezeka pa foni, ndipo muzikhala nawo pansi mphindi zochepa sabata iliyonse, makamaka awiri akutali aja. Zimenezi zikuuzani zambiri kuposa zithunzi chikwi za sikirini, zomwe kunena zoona simudzapeza nthawi yoziona.

Chilichonse chomwe mwasankha kuyang'anira, chilembeni. Tsamba limodzi kapena awiri akwana, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, onena chomwe kampani imaona pa zipangizo zake, chomwe siiona, chifukwa chake, yemwe ali ndi kiyi yoonera, ndi nthawi yomwe zimasungidwa zisanafufutidwe. Nenani momveka ngati munthu akuloledwa kugwiritsa ntchito laputopu ya kampani pa zake pang'ono, chifukwa mukaletsa papepala koma n'kumalekerera tsiku ndi tsiku, pepalalo lidzakhala lofooka pa mlandu. Itanani onse, afunse mafunso, kenako asaine. Kamera ndi maikolofoni ya laputopu zisayatsidwe ndi kampani munthu ali m'nyumba mwake, ndipo mulembe zimenezo kuti mitima ikhale pansi. Malangizo omwe bungwe la ICO, loteteza zinsinsi za anthu ku Britain, linatulutsa mu October 2023 amatsindika mfundo yomweyi, yoti munthu akamagwirira ntchito kunyumba amayembekezera chinsinsi chochuluka kuposa mu ofesi, ndipo ngozi yotola za banja lake imakula.

Tsopano za munthu mmodzi mukumukayikirayo, poti ndikuona kuti ndi iye wakufikitsani pamenepa. Musazunze anthu 13 chifukwa cha mmodzi. Yambani mwatsegula kontirakiti yake. Kodi imaletsa kugwira ntchito zina? Owerengera ndalama ambiri amasunga mabuku a tigolosale ndi timabungwe Loweruka kuti apeze ya ndiwo, ndipo ngati simunaletse, komanso sakukuberani makasitomala kapena nthawi, palibe mlandu. Ngati akugwiradi pa nthawi yanu, zizindikiro zili kale pa tebulo lanu: ntchito yochedwa, foni yosayankhidwa, maola omwe walemba osagwirizana ndi kaundula wa QuickBooks. Sonkhanitsani zimenezo, mumuitane, mumuonetse, ayankhe.

Sindikunena kuti umboni wa mapulogalamu owerenga nthawi sunathandizepo bwana. Mu January 2023 bwalo lina ku British Columbia, m'dziko la Canada, linalamula wowerengera ndalama yemwe ankagwirira ntchito kunyumba kuti abweze madola a kumeneko oposa 2,600, pulogalamu ya TimeCamp itaonetsa maola pafupifupi 50 omwe analemba kuti wagwira koma sanathe kuwalongosola. Koma pulogalamuyo inali pa laputopu ya kampani, mwini wake ankadziwa kuti ilipo, ndipo anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Kuno kwathu mpata umenewo ndi lamulo. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza pa zomwe akunenezedwa. Nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, ndinu amene mudzayenera kuonetsa kuti chifukwa chinalipo ndipo munachita mwachilungamo. Olemba anthu ntchito ambiri amagonja kumeneko osati chifukwa wantchito analibe cholakwa, koma chifukwa anathamanga. Mukapita ndi umboni wotoledwa mobisa pa laputopu ya mwini wake, mwamupatsa mlandu wachiwiri woti akusumireni.

Kuyang'anira mobisa kuli ndi malo ake ochepa kwambiri, monga pomwe pali zizindikiro zamphamvu zoti wina akuba ndalama za kasitomala ndipo kumuchenjeza kungachititse kuti afufute umboni. Ngakhale pamenepo, zikhale pa chipangizo cha kampani, kwa munthu mmodziyo, kwa masiku owerengeka, loya wanu atalangiza kaye. Kukayikira maganyu sikunafike pamenepo.

Wogulitsa uja akadzabweranso, mufunseni kuti zithunzi zimasungidwa dziko liti, ndani ku kampani yawo angathe kuziona, zimafufutidwa liti mukasiya kulipira, ndiponso ngati angasaine kuti zikatuluka mlandu ndi wake. Mufunseninso kuti pulogalamuyo imadya bandulo yochuluka bwanji patsiku potumiza zithunzizo, chifukwa wa ku Mzuzu uja, ngati amagula yekha bandulo ya Airtel kapena TNM, ndi amene angayambe kuzindikira kuti pa laputopu yake pali chinachake chomwe sanauzidwe.